Mitsamiro Yoyenda M'makoma

"Ichoke lero lomwe," ndinatero. "Ikapanda kuchoka, tichoka ndife, ine ndi mwana."

Bambo a Kapiye anali pabedi akumanga zingwe za nsapato zakuntchito. Sanadzutse mutu. Anangoti ndisayambe zanga m'mamawa, dzuwa lisanatenthe n'komwe. Ndinamukoka Kapiye pamkono, n'kumukweza kadiresi kuti bambo ake aone okha. Msana wonse unali totupa tofiira, pena atakanda mpaka kusupuka.

Kunsi kwa bedi lathu kunali katundu wa apongozi anga aamuna. Iwo ankati zotchingira moto, ife m'nyumba tinkangoti mitsamiro. Ndi yaitali ngati mwendo wa munthu wamkulu, yokutidwa ndi pulasitiki yofiira, mkati muli ubweya wina wake wosapsa ndi moto. Pulasitiki ikang'ambika, ubweyawo umatuluka ngati fumbi, ndipo umayabwa kuposa chitedze. Kunsi kwa bedi komweko ndi kumene Kapiye ankakonda kukwawira ndi zidole zake.

"Munati ndi yotsala," ndinatero. "Katundu wotsala amapita m'mawa n'kubwerako ngati mwana wasukulu?"

"Ndi ina imeneyo. Imangofanana."

Ndinagwada n'kusolola umodzi. Pa pulasitiki yake Kapiye anali atajambulapo nkhuku ndi cholembera changa, nkhuku ya miyendo itatu ndi diso lalikulu ngati batani la jasi. Ndinawauza kuti nkhuku imeneyi ndaiona ikutuluka pakhomo, ndaionanso ikubwerera, osati kamodzi. Ndi nkhuku yanji yosagona kumene yatumidwa?

Apo anadzuka n'kutseka chitseko. Nyumba yathu ili kuseri kwa nyumba ya makolo awo, mpanda umodzi, mpopi umodzi. Ukayetsemula kwathu, kwawo amati pepani.

Anayankhula motsitsa mawu, maso ali pansapato. Bambo awo, amene anyamata akuntchito amawatcha a Msomali chifukwa akanena anena, ankamanga nyumba yawo yalendi kumapeto kwa msewu wathu, yosanjikiza, yamatabwa kuyambira pansi mpaka kudenga. Khoma la nyumba yotere limakhala pawiri, lamkati ndi lakunja, pakati n'kusiya mpata wolowa dzanja woti mphepo izidutsa, matabwa asaole. Koma podutsa mphepo ndi podutsanso moto. Ukangolowa mumpatamo umakwera ngati utsi m'chumuni, wa m'chipinda chapamwamba osadziwa kanthu mpaka denga litayaka. Ntchito ya mitsamiro ndi imeneyo. Amaipanikiza mumpatamo, pamalire a chipinda ndi chinzake, pamalire a pansi ndi pamwamba, ndi kuzungulira mazenera, kuti moto ukafika uime kaye, anthu apeze potulukira.

Woyendera nyumba sankalola kuti khoma litsekedwe asanaione ndi maso ake. Ndiye apongozi anagula yokwanira khoma limodzi basi. Woyendera akabwera ankaipeza ili m'malo mwake, yofiira bwinobwino, n'kugwedeza mutu, n'kukwera njinga yake yamoto. Fumbi la njingayo lisanakhazikike, bambo a Kapiye ankaizula, anyamata n'kukhoma matabwa akunja pa mpata wopanda kanthu. Mitsamiro inkabwera kudzabisala kwathu mpaka khoma lina litakonzeka. Kunyumba yaikulu sinkalowa, chifukwa apongozi ankati imayabwa.

"Ndiye anthu akagona m'chumuni," ndinatero.

"Moto wake uti? Wauona ukubwera?"

"Nkhanga zinapangana kusanapse."

"Iwe si nkhanga, ndiwe mkazi wanga, ndipo denga lili pamutu pakoli ndi la munthu yemweyo. Ukufuna ndikawauze chiyani? Kuti mpongozi wanu wawerenga miyendo ya nkhuku?"

"Mukawauze kuti manja amene amazulawo ndi anu, ndipo atopa."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, make Kapiye. Ndiwagenda bwanji bambo anga osaswa chimene tikumwera tonse?"

Ananyamula nyundo yawo n'kutuluka. Mitsamiro inatsala. Ndinakolopa chipinda chonse, n'kusamutsira mphasa ya mwana pabalaza. Masana ndinapeza kabotolo ka mafuta odzola pazenera lathu. Apongozi aakazi anali pampopi akutsuka mbale, atandifulatira. Mayi amenewa mawu awo ndi ochepa, ndipo chifikire pakhomopo ndinali ndisanawamvepo akutsutsa amuna awo. Ndinati zikomo. Iwo anangowonjezera madzi pampopi.

Sabata yomweyo ndinapita ndi Kapiye kwa atelala kukatenga siketi yanga imene ankaibweza m'chiuno. Atelala ndi mayi wamasiye wa ana amapasa, ndipo amasokera pakhonde la sitolo ya eni ake. Ataona Kapiye akukanda anamuitana, n'kumuyeza ndi maso okha. Anatola kansalu kofewa pa mulu wa zotsala, makina n'kulira pang'ono, kamalaya kamkati n'kutuluka. Anati kameneka sikakhula zilonda, ndipo ndisatsegule kachikwama, ndingawachititse manyazi.

Akudula ulusi ndi mano anandiuza kuti apongozi anga awalonjeza malo m'nyumba yatsopano ija, chipinda chapansi chosokeramo, chapamwamba pake chogona ana. Asiya zothawa mvula ndi makina pamutu. Amapasa akuti adzagona kumwamba ngati mbalame, ndipo akangana kale za amene adzakhale kuzenera.

Ndinayang'ana simbi yawo yamakala ili pambali, ikufuka. Ndinati Mulungu awatsogolere. Panjira Kapiye ankadumphadumpha ndi kamalaya kake, ine ndikupempha chamumtima kuti Ambuye andipatse pakamwa, apo ayi andichotsere maso.

Loweruka lina apongozi anatiitana tonse kuti tikaone nyumba. Mwini ulendo anali mlamu wanga, mlongo wawo wa bambo a Kapiye, amene pakhomo timamuti Dona. Dona anali woyembekezera, masiku atayandikira, ndipo bambo ake anamupatsa zipinda zapamwamba zakumapeto, zoyang'ana kotulukira dzuwa. Khoma lakunja la mbali imeneyo linali lisanatsekedwe. Woyendera anali ataliona kale, koma ulendo uno mitsamiro sinabwere kwathu.

Apongozi anakwera okha pansanja, ndi ukalamba wawo womwewo, n'kuyamba kuipanikiza umodziumodzi ndi chibakera, uku akufufuza ngati patsala kampata kolowa chala. Atafika pa wa nkhuku uja anaseka, n'kumuuza Dona kuti mwana wa mchimwene wake wamupatsa mlonda.

"Kuno ndiye sitisewera," anatero. "Iyi ikhala momwemu."

Mawu anandituluka ndisanawatafune. "Nanga kwa enawo, bambo?"

Anyamata anasiya kukhoma. Apongozi anatsika pang'onopang'ono n'kupukuta manja pabuluku. Sanayang'ane ine. Anayang'ana mwana wawo, n'kumufunsa ngati nkhani zakuntchito masiku ano zimakambidwira kuchipinda.

"Apongozi," anatero kenako, ulemu wake wozizira ngati chitsulo cham'mawa, "munafika pakhomo panga ndi chikwama chimodzi. Ndakumangirani, ndakudyetsani. Lero mwasanduka woyendera nyumba?"

Ndinati sindine woyendera, koma ana amene adzagone mbali inayo ndawaona. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe.

"Amenewo ndi alendi. Walendi ndi mame. Lero ali pano, mawa wasamuka, wakusiyira zenera losweka. Nyumba zonse zili mumsewu munozi, ndi iti ili ndi zimenezi? Zapsa? Ine ndinayamba kukhoma misomali inu musanamere mano."

"Moto umapita kumene kwatsala tchire, bambo."

Dona anaseka, dzanja lili pamimba. "Ababa, asiyeni. Chikuwapweteka ndi zipindazi. Ankayesa muwapatsa iwo, achoke kuseri kuja." Anatembenukira kwa ine. "Alamu, nsanje imaondetsa. Taonani khosi latsala."

Bambo a Kapiye anaima ndi nyundo m'manja, akuyang'ana utuchi. Apongozi anandiuza kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Nkhani imeneyi ikangodumpha mpanda, chikwama changa chimodzi chija ndidzachipeza pageti. Pamene ankanena zimenezi, apongozi aakazi anali atamugwira kale Kapiye padzanja, atapita naye kuseri kukatola timatabwa tosewera nato.

Kuyambira tsiku limenelo moni anatha pakhomo. Ndikayanika zovala, ndinkazipeza zitakankhidwira kumapeto kwa chingwe, kumene dzuwa silifika. Dona akandiona ndikubwera kumpopi ankayamba kutsuka ndowa imene watsuka kale.

Zilonda za Kapiye zinayamba kuchita mafinya. Tsiku lina masana thupi linatentha kwambiri, mwana n'kusiya kuyankha bwino, ndipo ndinaimbira bambo ake. Anabwera akuthamanga, utuchi uli m'tsitsi, n'kumunyamula mpaka kuchipatala. Pabenchi yodikirira anamugoneka chafufumimba pamiyendo pawo, akumuuzira pamsana kufikira titaitanidwa. Munthu ameneyu si woipa. Ndinkadziuza zimenezo kawirikawiri masiku amenewo.

Mwana atayamba kupeza bwino, ndinalowa m'kashedi kathu kukatenga makala. Kuseri kwa chitseko kunali masaka otupa amene sindinkawadziwa. Ndinamasula limodzi. Nkhuku ya miyendo itatu inandiyang'ana ndi diso lake lija.

Madzulo ndinawadikira kuti asambe, adye. Kenako ndinawatengera kukashedi. Sanakane. Anakhala pa thumba la makala n'kufotokoza. Khoma lakumbuyo ndi limene linatsala kuonetsa. Bambo awo anati agulako mitsamiro ina yochepa, koma sanagule, ndipo tsiku lobwera woyendera iwo anali atapita kukatenga malata. Pafoni anangoti, konza khomalo, usandifunse zambiri. Ndiye bambo a Kapiye anabwereka ya khoma la Dona, poganiza kuti woyendera akangochoka aibwezera. Woyendera anachoka, iwo anaizula, n'kuiunjika pansi. Nthawi yomweyo foni yawo inalira, ine ndikuwaitanira mwana wodwala uja. Pobwerera kuchokera kuchipatala anapeza anyamata atakhoma makoma onse awiri, monga anazolowera: mitsamiro ikakhala pansi, ndiye kuti khoma litsekedwe.

"Ndiye m'khoma la Dona?"

"Mulibe kanthu."

"Bambo akudziwa?"

"Ndinawauza kuti ya khoma lakumbuyo ndinabwereka kwa mnzanga." Anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. "Akadziwa, ine ndatha. Ndikatsegula Lamulungu anthu ali kutchalitchi. Undipatse mpata, make Kapiye. Usandiphe ndi pakamwa pako."

Ndinafunsa za khoma la atelala, ngati nalonso lidzatsegulidwa anthu ali kutchalitchi. Anati ndimakonda kusenza katundu wa dziko lonse, pamene wanga akundikanika.

Lamulungu linafika. Pochokera kutchalitchi ndinawapeza pakhonde akunola sowo. Anati anyamata achotsa kale nsanja, ndipo thabwa lopentedwa ukalizula limaoneka. Ndinavula nsapato n'kupita kumpopi, kumene Dona ankachapa timatewera tatsopano.

"Alamu," ndinatero, "m'khoma mwanu mulibe kanthu. Tiyeni mukaone chimene chili m'kashedi."

Anafinya thewera osandiyang'ana. "Ndilowe m'makala mwanu ndi mimba ino kuti mukandichite chiyani? Ababa anaika ndi manja awo, ine ndikuona. Mwalephera kulanda zipinda, tsopano mukulosera moto mwana wosabadwa."

"Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Mnansi wanga ndi amene ndinabadwa naye. Inu ndinu wobwera."

Ndinapita kunyumba yaikulu. Apongozi anali pakhonde akumvera wailesi. Ndinagwada patali pang'ono n'kunena kuti ndili ndi mawu okhudza khoma la mwana wawo. Anatambasula dzanja n'kukweza wailesi. Ndinakhala chogwada mpaka mawondo atachita dzanzi, kenako ndinadzuka.

Masiku otsatira ndinapemphera kwambiri, koma mapemphero ake anali osalongosoka. Ndinkayamba ndi amapasa, n'kupezeka ndikupempherera denga langa. Kwathu ndi kutali, ndipo mayi anga amakhala m'chipinda chimodzi kwa mkulu wanga. Ndinkadziwa kuti a Msomali akanena za chikwama, anena. Ndinkadziwanso kuti atelala ayamba kale kulongedza, chifukwa ndinawaona akupempha makatoni kusitolo.

Tsiku loti woyendera adzaone nyumba komaliza, bambo a Kapiye anavala malaya oyera. Atatuluka, ndinamusiya Kapiye kwa agogo ake aakazi. Anayang'ana chimene ndinakulunga m'nsalu, anayang'ana ine, n'kumutenga mwana osafunsa.

Nyumba inali itakongola, utoto ukunyezimira. Atelala anali pazenera lapansi ndi tepi m'khosi akuyeza makatani. Dona anakhala pampando pamthunzi. Woyendera anali bambo wa imvi zochepa ndi maso otopa, chisoti cha njinga chili m'khwapa, ndipo apongozi ankamuonetsa masitepe akuseka kuseka kwawo kwa alendo.

Ndinamasula nsalu, n'kuika mtsamiro pansi patsogolo pa woyendera. Ndinati pepani bambo, ine sindidziwa za zomangamanga, koma uwu ndi anzake ali m'kashedi kwathu, ndipo khoma lililonse limene munaliona munkaona iwo omwewa.

Tepi ya atelala inasiya kuyenda.

"Wotsala umenewo," apongozi anatero. Sanauyang'ane n'komwe. Anaukankha ndi phazi, n'kugubuduka mpaka pafupi ndi mpando wa Dona. "Mukhululuke, bwana. Mpongozi wangayu mutu suyenda bwino chidwalire mwana. Pali nkhani zapakhomo."

Woyendera anaika chisoti pansi. Anati nkhani zapakhomo si zake, koma thabwa limodzi silivuta kuzula, ndipo likazulidwa aliyense apita kwawo ndi mtima umodzi.

"Ndi zoona, ndi zoona," apongozi anatero mofulumira, woyendera asanasankhe khoma. "Tiyeni kuno. Iwe, tenga makwerero ndi chozulira misomali."

Anatsogolera kukhoma lakumapeto, loyang'ana kotulukira dzuwa. Bambo a Kapiye anabwera ndi makwerero, nkhope itachita phulusa. Anaimika, anakwera, n'kuima pamwamba chitsulo chili m'manja. Anati mwina ayese thabwa la mbali ina, ili ndi lolimba.

"Zula," anatero bambo awo.

Msomali woyamba unalira ngati mwana wa mbuzi. Ndinamuona Dona akuwerama movutikira, n'kutembenuza mtsamiro umene unali pamapazi ake. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Ababa," anatero motsitsa. "Nkhuku ija."

Palibe amene anamumva, chifukwa thabwa linali litatsika. Woyendera anakwera, analowetsa dzanja mumpata mpaka m'phewa, kenako anayatsa tochi ya pafoni n'kuunika m'mwamba ndi pansi. Anati akuona malata a denga, akuonanso simenti ya maziko, ndipo pakati palibe ngakhale chisa cha mavu.

Apongozi anamukankhira pambali, ulemu wonse wa alendo utathawa, n'kukwera okha. Anapisa dzanja, anapapasa uku ndi uku. Potsika anatsala pang'ono kuphonya phazi. Anamugwira mwana wawo pakolala ya malaya oyera aja.

"Ndinakuuza kuti kuno ayi. Kwina konseko zula, koma kuno ayi. Muno mugona mlongo wako, chitsiru iwe."

Anazindikira mawu atatuluka kale. Anasiya kolala. Atelala anali atafika kumbuyo kwathu, tepi ikulendewera m'khosi.

"Kuno ayi," anatero atelala. "Nanga kwa ife, a Msomali? Anga aja si ana?"

Dona ankalira mwakachetechete, mtsamiro uli pamiyendo pake, osasamala kuyabwa. Woyendera anatola chisoti chake. Sanakweze mawu. Anati matabwa onse akunja atsike, khoma lililonse, ndipo palibe munthu adzagone m'nyumbayi mpaka iye ataona mtsamiro uliwonse ukulowa ndi thabwa lake likukhomedwa pamwamba pake, iye ali chiimire pomwepo. Zina adzakambirana ku ofesi.

Njinga itapita, apongozi anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Ulemu wa upongozi anausiya.

"Iwe, sabata ino ikamatha ndisakuone pakhomo panga."

Ndinayang'ana amuna anga. Ankakonza kolala.

Ndinkayesa kuti atelala andipatsa mawu abwino, koma pobwerera anandipeza panjira n'kuyenda nane pang'ono. Kenako anafunsa ngati tsiku limene ankasoka kamalaya ndinali ndikudziwa kale. Ndinati inde. Anati khonde la sitolo alitsanzika, mwini wake wapatsa kale wina, ndipo tsopano sakudziwa kokaika makina. "Mukanandiuza tsiku lomwe lija, mayi," anatero. "Pakamwa munali napo." Anakhotera njira yawo.

Ndinalongedza Lachisanu masana. Chikwama chinali chomwe chija, koma tsopano sichinkatseka, chifukwa cha zovala za mwana. Bambo a Kapiye masiku onsewo ankachoka kusanache n'kubwera atatopa, manja atatupa ndi ubweya, ndipo tinkayankhulana za mchere ndi sopo basi. Dona sanatuluke m'nyumba. Koma m'mawa wa tsikulo ndinapeza zovala zanga zitabwezedwa pakati pa chingwe, padzuwa.

Ndikukoka chikwama pageti, apongozi aakazi anatulukira, n'kuchinyamula pamutu. Amuna awo anali pakhonde. Anawaitana kamodzi ndi dzina la mwana wawo woyamba. Mayiwo sanacheuke.

Njira yopita kokwerera basi imadutsa panyumba ija. Inali itavulidwa mbali zonse, nthiti zili pamtunda, matabwa opentedwa ataunjikidwa pansi. Pakhomo panali mulu wa mitsamiro yatsopano, wautali kuposa munthu. Woyendera anakhala pa ndowa yovundikira, chisoti pambali, akuyang'ana. Misomali inkalira mbali zonse.

Kapiye anawaona bambo ake pamakwerero n'kuwaitana. Anatsika msanga, anatambasula manja kuti amunyamule, kenako anaima, atayang'ana ubweya umene unali m'mikono mwawo. Anapita pa mgolo wamadzi, anasamba mpaka m'zigongono, anapukuta ndi kumsana kwa malaya, ndipo pamenepo ndi pamene anamunyamula.

Kwa ine anati akatseka khoma lomaliza abwera, tidzaone kumene tingakakhale. Sananene akuyang'ana pansi ngati masiku onse. Ndinati ndamva. Sindinalonjeze kanthu.

"Ababa, nkhuku yanga ili kuti?" anafunsa Kapiye.

Anamutembenuza n'kumulozera khoma lapakati, pamwamba pa zenera limene atelala ankayeza makatani, pamalire a chipinda chosokera ndi chogona ana. Pamzere wofiira umene unali utapanikizidwa mumpata, diso ngati batani linkatiyang'ana.

"Ibwera madzulo?"

"Ayi," anatero bambo ake. "Igona komweko."

Apongozi aakazi anakonza chikwama pamutu, n'kunena kuti tifulumire, basi sidikira munthu.